Ndinabereka Bokosi Lowotcha Thambo

Foni inalira isanakwane sikisi koloko m'mawa, Lachinayi, ndili pakati pomusintha Tadala thewera. Anali bambo ake, kuimba kuchokera kumpoto kumene anapita dzulo lake ndi ntchito ya kusukulu. Ngakhale moni sanapereke.

"Mayi a Tadala, ndatsegula chikesi. Muli mpunga."

Thewera linandipulumuka m'manja.

"Mukundimva? Mpunga wa Kilombero, womanga bwinobwino ndi mphira. Makina anga ali kuti?"

Ndinayang'ana mwana, mwana nayenso n'kundiyang'ana ngati akuti yankhani nokha amayi, ine kunalibe.

Ndiyambe ndaulula, poti mlandu ndi wanga. Amuna anga amaphunzira pa yunivesite yaikulu ija ya m'tauni ya Toronto, chaka chachinayi tsopano, ndipo amaphunzira za kumwamba. Osati kumwamba kwa Mulungu ayi, koma thambo lenileni, kupitirira mitambo, kupitirira kumene kumadutsa ndege. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 7 kwathu ku Dedza, ndiye akamafotokoza ndimangogwedeza mutu ngati gulo pa mwala. Koma tsiku lina pa phwando la Amalawi ku Oakville, ndikugawa mandasi, ndinawamva ndi makutu angawa akuuza anzawo kuti, "Ife timawotcha thambo ndi wailesi." Anthu anaseka. Ine mbale inatsala pang'ono kugwa.

Kwathu mvula ikamabwera ndi mabingu, choyamba timazimitsa wailesi, galasi timaliphimba ndi nsalu, wovala zofiira amathamanga kukavula. Ndinaona ndi maso anga ng'ombe zitatu za amalume zitauma gwaa pansi pa mtengo mphenzi itadutsa. Ndiye munthu azisewera ndi wailesi ndi thambo nthawi imodzi? Kuwonjezera apo, pa gulu lathu la amayi la pa foni wina anatumiza mawu a bambo wina wolankhula mokalipa, akuti makina oterewa ndi amene amatumiza mphepo zamkuntho zogumula nyumba kumudzi. Ndinawamvera kanayi, nditadzitsekera m'bafa.

Ndiye amuna anga atabwera ndi chikesi chakuda n'kuchiika m'chipinda mwathu, mikono iwiri kuchokera pa kabedi ka mwana, amvekere, "Ichi musachikhudze, ndi zaka zanga zinayi zimenezi," ine tulo tinathera pomwepo. Atapita kusukulu ndinachitsegula. Munali kabokosi kachitsulo kotuwa, kukula ngati buledi, ka timabowo ndi timagetsi tozima. Ndinakagwira ndi thaulo, n'kukakatsekera m'kachipinda kosungira katundu pansi penipeni pa nyumba yosanja imene timakhala ku Brampton. Kuti asazindikire kupepuka, m'chikesimo ndinaikamo mpunga umene alamu anga anatitumizira. Nzeru zimenezo. Ndimati ndidzabweza tsiku la ulendo. Koma ulendowo anaufulumizitsa ndi tsiku limodzi chifukwa cha nyengo, ananyamuka ine ndili kokabayitsa mwana katemera, mwana n'kutentha thupi tsiku lonse, mutu wanga wonse n'kukhala pa iye. Mpunga unapita kumpoto, makina anatsala.

Ndinawauza zonsezi pa foni, mofulumira, osapuma, ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'kamwa.

"Mverani," anatero kenako, ndi mawu ozizira. "Lero faifi koloko madzulo anthu a ku Alaska ayatsa makina awo maola awiri okha chifukwa cha ife. Tinapempha chaka chatha. Tikaphonya lero ndiye kuti chaka chamawa, mwinanso sadzatipatsa. Ine sindingabwere, milongoti sitinaimike ndipo tilipo awiri okha. Kabokosiko kafike kuno isanakwane faifi."

Anayesa anzawo. Wina anali pa shifiti kuchipatala, wina galimoto ili kwa makaniko, wina osayankha. Atandiimbiranso anangoti basi ya kumpoto imanyamuka m'tauni cha m'ma naini, nditsikire pa katauni kotchedwa Sundridge, akandichingamira. "Musakaike pansi pa basi ndi katundu, musakagwetse, kasanyowe." Sanakalipe ngakhale pang'ono. Kukanakhala bwino akanakalipa.

Tsono imvani uchitsiru wachiwiri. Jekete yanga yokhayo yofunda ndi yofiira. Ndinaima pakhomo nditaigwira, n'kudzifunsa kuti kodi munthu wanzeru anganyamule chinthu chowotcha thambo atavala zofiira, mwana ali m'manja? Si kuitana mphenzi ndi dzina kumeneko? Ndinaibweza pa msomali. Ndinavala majuzi atatu ndi kajekete ka mvula ka amuna anga, kopyapyala ngati pepala, mu Febuluwale, kupita kumpoto. Kabokosiko ndinakakulunga m'zitenje zitatu, n'kukaponya m'chikwama chogulira zinthu. Kunena zoona sindikudziwa kuti chitenje chinatchingapo mphenzi liti, koma mtima unkafuna nsalu.

Ndinatuluka ngati munthu wosamuka. Kangolo kokankhira mwana, mpando wake wa m'galimoto pamwamba pake, iye mkati, chikwama cha matewera kumsana, ndipo chikwama cha kabokosi ndachitambasulira kutali ndi dzanja ngati ndanyamula khoswe wakufa. Pansi pa kangolo pali malo abwinobwino oika katundu, koma pamenepo ndi pansi pa mwana wanga. Ndinafika podikirira basi mkono utachita dzanzi.

Basi ya mu Brampton inanditula pa siteshoni ya sitima, ndinagunditsa khadi yolipirira, n'kukwera pamodzi ndi anthu opita ku maofesi, onse chete, maso pa mafoni. Ndinakhala mbali iyi ndi mwana, chikwama n'kuchiika pa mpando wa tsidya lina la kanjira, n'kumayang'ana pawindo ngati sindikuchidziwa. Tisanafike patali, bambo wina wa tayi anaimirira n'kufunsa m'Chingerezi, mokweza, kuti chikwamachi ndi cha ndani. Mitu yonse inadzuka. Mayi wina anayamba kale kusuntha. Ndinamva mtima ukundiuza kuti kana, kana, si chako. Koma bamboyo anati akaitana woyang'anira sitima, ndiye ndinakweza chala ngati m'kalasi.

"Changa."

"Bwanji osakhala nacho?"

Ndikanayankha kuti chiyani? Kuti chimawotcha thambo? Akanaimitsa sitima yonse. Ndinati pepani, n'kuchitenga, n'kuchiika pakati pa mapazi anga, miyendo ndaikhadzula kuti isachikhudze. Ndinafika m'tauni ndikupemphera chamumtima, pemphero lopanda mutu, lomangoti Ambuye mwanayu, Ambuye mwanayu.

Siteshoni yaikulu ya m'tauni ndi dzenje la nyerere. Ndinasochera kawiri, chikepe china chinali chakufa, ndinazungulira mpaka thukuta m'majuzi atatu aja. Tikiti inadya madola pafupifupi makumi asanu ndi awiri, mwana ulere poti ndi wa pamiyendo. Dalaivala wa basi, bambo wonenepa wa ndevu zoyera, anapinda kangolo n'kukalowetsa pansi pamodzi ndi mpando wa mwana, kenako n'kutambasula dzanja kuti alandire chikwama chija. Abale, mmene ndinafunira kumupatsa! Chikanakhala pansi uko, kutali, chitseko chachitsulo chitatsekedwa. Koma mawu a bambo a Tadala anali m'khutu. Ndinachikumbatira, ine yemwe, n'kukwera nacho.

Basi inadzaza. Ndimati chikwama chikhale pa mpando wa pambali panga, koma panabwera mayi wina wachikulire, wakuda ngati ine, wa magalasi ndi ndodo, anakhala pansi ndi kubuula. Pamwamba poika katundu ndi pamutu pa mwana. Ndiye chinabwereranso kumapazi.

Tinatuluka m'tauni pang'onopang'ono, magalimoto ali mdipiti. Tadala anayamba kulira, ine n'kumamuguguda pamsana ndikung'ung'udza kanyimbo ka kwathu. Mayi uja anatembenuka, magalasi anatsikira pamphuno.

"Imwe amake mwana, ndimwe a ku Malawi?"

Ndinatsala pang'ono kulira. Anali amayi Tembo, a ku Chipata, namwino wa kunyumba yosamalira okalamba kufupi ndi Sundridge komweko. Amachokera koona adzukulu awo. Tisanafike ku Barrie anali atadziwa kale mudzi wa kwathu, mpingo wanga, ndi mano a Tadala kuti amera angati. Anandipatsa mtedza wokazinga. Kenako anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Manje iwe mwana wanga, jekete ili kuti? Uganiza uyenda ku Lilongwe?"

"Ndaiwala, amayi."

"Hmm. Nanga m'chola umo muli chani? Kuchoka m'tauni uchiyang'ana monga muli njoka."

"Katundu wa abambo ake."

Anangoti hmm kachiwiri. Anamwino samanamizika.

Titadutsa Barrie kunja kunasintha. Chipale chinayamba kugwa cham'mbali, choyamba ngati ufa wouluka pa chigayo, kenako ngati wina wakhuthula thumba lonse. Mitengo inasowa, msewu unasowa, kutsogolo kumangooneka timagetsi tiwiri tofiira ta lole. Basi inayenda ngati ikuperekeza maliro. Pa Orillia tinafika titachedwa ndi theka la ola. Ndinawerenga pa zala: zikadali bwino, zikadali bwino. Koma tisanalowe Gravenhurst basi inaima, n'kuimiratu. Dalaivala analankhula pa chimkuzamawu kuti kutsogolo lole yapingasa msewu, apolisi atseka, ndipo sakudziwa kuti atsegula nthawi yanji. Inali itangopitirira leveni koloko.

Kudikira kwa azungu ndi kwachilendo. Kwathu bwenzi anthu atatsika, wina akutukwana boma, wina akugulitsa mazira owiritsa, wina atayambitsa kwaya. Muno munthu aliyense anangoti phee. Bambo wina wakutsogolo anali ndi ndodo zophera nsomba, akuti akukaboola madzi oundana kuti awedze, anangotsitsa chipewa n'kugona. Mtsikana wina amadya karoti mmodzimmodzi, khwa, khwa, ngati wotchi. Ine ndimayang'ana foni, twelofu koloko, ndimayang'ana chikwama, ndimayang'ana mwana, ndimayang'ananso foni. Tadala anasankha nthawi yomweyo kuchita chimbudzi chofika mpaka kumsana. Kachimbudzi ka m'basi ndi kabokosi ka machesi. Ndinamusinthira pamaondo, chigongono chikugunda khoma, amayi Tembo atandilondera chikwama.

Nditabwerera pampando, wani koloko ili pafupi, ndinamva kutentha pa akakolo.

Poyamba ndinati ndi maganizo. Ndinatsitsa dzanja, n'kukhudza chikwama. Chinali chofunda. Chofunda ndithu ngati mphika wongophulidwa kumene. Ndinaimirira ndi mwana, mutu n'kugunda pamwamba, n'kukuwa m'Chichewa basi yonse ikumva:

"Chayaka! Amayi, chayaka, thawani!"

Wa nsomba uja anadzidzimuka chipewa n'kugwa. Dalaivala anadzuka pampando. Amayi Tembo anandikoka kajekete n'kundikhazika pansi ndi dzanja limodzi, lina akukupizira dalaivala kuti palibe kanthu. Anawerama, n'kugwira chikwama, n'kugwira m'mbali mwa basi pansi pa windo.

"Iwe. Ni hita ya basi iyi. Wachitsamiritsa pa hita."

Ndinafuna kuti chipale chilowe chindikwirire. Ndinalira, ndipo m'kulirako ndinawauza zonse: phwando la ku Oakville, ng'ombe za amalume, mpunga, jekete yofiira, faifi koloko. Pa mpunga paja anaseka mpaka kuvula magalasi. Kenako anamasula zitenje zanga zitatu, n'kukatembenuza kabokosiko m'manja mwawo ngati akusankha papaya.

"Nthambo ilibe, batire ilibe. Ngakhale simbi ya magetsi siwotcha malaya usanailumikize. Tumira amuna ako, niwafunse ine."

Ndinaimba. Bambo a Tadala anayankha akupuma mwaphuma, kuti ali kale pa Sundridge akudikira. Amayi Tembo analanda foni, n'kutsegula kuti tonse timve.

"Imwe abambo, ndine amayi Tembo, nakhala na akazi anu m'basi. Zaka zinayi muphunzira, manje mwalephera kuuza mkazi wanu chamene mwaika pafupi na mwana wake? Muuzeni apa, na ine nimveko. Msewu ni wotseka, nthawi tili nayo."

Ndinawamva amuna anga akumeza mate. Iwo amene amalankhula pamaso pa maprofesa.

"Mayi a Tadala," anatero pang'onopang'ono, "mukudziwa mmene mumapetera mpunga?"

"Mukundinena?"

"Ayi. Mverani. Kumwamba uko, makilomita oposa mazana awiri, mpweya ndi wochepa kwambiri, ndipo dzuwa limauphwanya n'kusiya tinthu ting'onoting'ono ta mphamvu ya magetsi tikungoyandama. Timati maelekitironi. Umenewo ndiwo mpunga. Ku Alaska kuli munda wa milongoti yoponya mafunde a wailesi kumwamba. Amenewo ndiwo manja ogwira lichero. Mukagwedeza pang'ono, mpunga umayenda pamodzi mwaulemu. Koma mukapeza kagwedezedwe kake, umayamba kuvina, kuunjikana apa, kubalalika apo, chipwirikiti, ndipo timaso tina timadumpha mwaliwiro kuposa tinzake. Ife tikufuna kudziwa kuti todumphato liwiro timalitenga bwanji."

"Nanga moto?"

"Kulibe moto. Timati kutenthetsa chifukwa tinthuto timathamanga kwambiri. Akazimitsa makina, pakapita kanthawi zonse zimakhala bata, ngati mwatula lichero pansi. Dzuwa limachita zoposa pamenepa tsiku ndi tsiku."

"Nanga kabokosika?"

"Ndi khutu chabe. Sikatulutsa kanthu. Kamangomvetsera mafunde amene agunda pa chipwirikiti chija n'kugwera kuno."

"Ndiye bwanji munanena kuti mumawotcha thambo?"

Kenako kamawu kakang'ono: "Ndinkadzitama kwa anzanga."

"Wamva?" anatero amayi Tembo. "Amuna!"

Koma nkhani yabwino inathera pomwepo. Amuna anga anati sangadikirenso, mphepo yagwetsa mlongoti umodzi ndipo aphunzitsi awo ali okha kumunda. Anati ikakwana folo koloko mafoni onse amazimitsa, chifukwa foni imasokosera khutu lija, n'chifukwa chake anathawira kuthengo kutali ndi tauni. Anafotokoza njira ya ku famu kumene amaimika milongotiyo, kuti pakamsewu kolowera amangapo nsalu pamtengo. Amayi Tembo anati galimoto yawo anaisiya potsikira basi pomwepo, andiperekeza. Foni inaduka.

Za lichero zija mutu wanga unamva bwino lomwe. Koma miyendo sinamve. Ndinakulunganso kabokosiko m'zitenje zonse zitatu, amayi Tembo akundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Basi inagwedezeka thu koloko itadutsa. Tinadutsa lole ija itagona m'mbali ngati ng'ombe yodwala. Pa Bracebridge anatsika awiri, ndipo mmodzi anatenga chaka kufunafuna chikwama chake pansi pa basi, ine ndikumutukwana mumtima, Mulungu andikhululukire. Pa Huntsville dalaivala analengeza mphindi khumi zopuma. Kupuma! Ndinaima pakhomo la basi ndi mwana, kumuyang'ana bamboyo akumwa khofi wake mpaka anachita manyazi n'kuumalizira pa chiwongolero. Za m'njira musandifunse, ndinangoona zoyera ndi manambala a pa foni.

Pa Sundridge tinatsika pa malo omwetsera mafuta, folo koloko itapitirira ndi mphindi zisanu. Mphepo inalowa m'kajekete kanga ngati mulibe munthu. Galimoto ya amayi Tembo inali chulu choyera. Tinaifukula awiri, iwo ndi burashi, ine ndi manja, mano akugundana, mwana tamumangirira kale m'mpando wake mkati. Inakana kulira kawiri. Kachitatu amayi Tembo anaiuza mawu ena a Chinyanja amene sindingalembe pano, ndipo inamvera.

Nsalu ija tinaipeza ikukupiza pamtengo, nthawi ili hafu pasiti folo ndi mphindi zisanu. Koma kamsewu kolowera kunalibe. Chipale cha tsiku lonse chinali chitakwirira, kumangooneka mizere iwiri ya matayala yozimirira, kulowera m'mitengo. Amayi Tembo anayesa kulowa, galimoto n'kuyamba kuvina, anabwerera msanga.

"Apa siningakwanise. Na bondo langa ili siningayende. Siya mwana na ine, uthamange."

Ndinawayang'ana. Mayi wabwino, wondipatsa mtedza, wondipukuta misozi. Koma ndinawadziwa m'mawa womwewo. Anaona nkhope yanga n'kugwedeza mutu.

"Nadziwa, na ine siningasiye wanga. Koma na kapepala wavala ako simuzafika, iwe na mwana." Anatsika, n'kutsegula kumbuyo kwa galimoto, n'kutulutsa chijekete chachikulu chimene amasungira ngozi za m'njira.

Chofiira. Chofiira psuu, ngati tomato wa pa Lizulu.

Ndinaima pamenepo, mphepo ikundimenya, ndikuyang'ana chijekete, ndikuyang'ana kumwamba. Ndinaona ng'ombe za amalume, miyendo ili m'mwamba. Ndinamva mawu a bambo wokalipa wa pa foni uja. Kenako ndinamva mawu ena, ozizira, akuti ndi zaka zanga zinayi zimenezi.

"Zatsala mphindi makumi awiri," anatero amayi Tembo. "Uzaopa mawa."

Ndinamasula zitenje. Chimodzi ndinamangira Tadala pachifuwa, n'kuvala chijekete pamwamba pake, kumutsekera mkati kungosiya kamphuno. Manja ndinkawafuna ogwirizira mwana ndikaterereka, ndiye kabokosiko kanalibe kwina kopita. Ndinawerama monga timachitira, amayi Tembo anakakhazika pamsana panga, ndinakokera chitenje, mfundo pamwamba, mfundo pansi, chachitatu n'kuphimba kuti kasanyowe. Chinthu chimene ndinachithawa masabata atatu, ndinachibereka ngati mwana wanga woyamba.

"Jekete uzabweza ukaleka mantha," anakuwa amayi Tembo ndikulowa m'mitengo. Iwo amathamangira shifiti ya sikisi.

Chipale chimafika m'maondo. Ndimaponda m'mizere ya matayala, phazi kuzula, phazi kuzika, mpweya ukutuluka ngati utsi wa uvuni. Ndinagwa kamodzi chogwada, manja pa mwana, msana ndauwongola kuti wam'mbuyoyo asagunde pansi. Ndinadzigwira ndikukauza kabokosi kuti pepa, pepa, tafika. Tadala m'chijekete amaseka, amayesa masewera. Kumwamba sindinayang'aneko ngakhale kamodzi. Ndinati ngati ikubwera, indipeze ndikuyenda.

Mitengo inatha, ndinaona munda woyera, milongoti inayi yowonda yomangidwa ndi zingwe, ndi kanyumba ka matabwa. Munthu anatuluka akuthamanga, kugwa, kudzuka. Anafika n'kuima, kundiyang'ana ine, chijekete, katundu wa kumsana.

"Mwana ali kuti?"

"Kutsogolo. Wanuyu ali kumbuyo. Masulani, manja anga afa."

Nthawi inali itatsala mphindi zinayi. M'kanyumbamo munali aphunzitsi awo, mayi wachizungu wa imvi, amene sanafunse kanthu, anangondikhazika pafupi ndi mbaula n'kundivula nsapato. Amuna anga amalumikiza nthambo mwachangu. Timagetsi tija tinayaka, tobiriwira. Faifi koloko inakwana, inadutsa. Mphindi imodzi, ziwiri, zitatu, pa kompyuta pali mzere wogona chabe. Kenako mzerewo unatukuka pakati, n'kuyamba kuchita manyenje m'mbali ngati chitenje chothetheka. Mayi wa imvi uja anamenya tebulo. Amuna anga anakhala pansi, pansi penipeni pa matabwa, n'kuphimba nkhope.

Patapita nthawi anadzuka n'kundiveka zomvera m'makutu. Ndinamva phokoso lopyapyala, waaa, kenako tseketseke, tseketseke, kukwera ndi kutsika. Ndinatseka maso. Anali mpunga pa lichero, ndithu, wina akupeta kutali kwambiri. Ndinasuzumira pawindo ndili chivalire chijekete chofiira. Thambo linali lotuwa, likuda mwa masiku onse, lopanda ngakhale kabala.

Maola awiri atatha, aphunzitsi aja anati njala, ndipo m'kanyumbamo munali mabisiketi okha ndi zitini ziwiri za nyemba. Bambo a Tadala anandiyang'ana, ine n'kuwayang'ana. Anatsegula chikesi chakuda chija. Mayiyo anadya mbale ziwiri, n'kunena kuti sanaonepo wophunzira wokonzekera ulendo bwino chonchi, mpaka kubweretsa mpunga wonunkhira wa kwawo m'chikesi chotchinga madzi. Amuna anga anati zikomo. Ine ndinatsamwa.

Chijekete ndinakabweza kwa amayi Tembo m'mawa mwake tikubwerera, anandifunsa ngati mantha atha, ndinati atsala pang'ono. Kabokosiko masiku ano kamagona m'chipinda mwathu, ndimakapukuta fumbi ndi dzanja langali. Pa gulu la amayi lija ndinatumiza mawu anga ofotokoza za lichero, awiri anandiyankha kuti andipempherera. Jekete yanga yofiira ndimavala, wailesi ndimaisiya ikulira ngakhale kunja kukugunda. Koma mabingu akayamba, galasi lokha ndimaliphimbabe. Za galasi sanandifotokozere.